Pedulo ya kilatchi ikagona pansi: kusintha master ndi slave pakhomo, n'kuthana ndi mpweya wokakamira

Hilux yanga ndi ya dizilo, ya m'ma 1990, magiya apamanja. Kwa miyezi ngati itatu inkandichita zofanana m'mawa uliwonse. Ndikaponda kilatchi, pedulo inkangopita pansi ngati ndaponda siponji. Giya yoyamba ikukana, livesi ikukukuta mano mpaka agalu a kwa aneba kuyamba kuuwa. Ndikapopa pedulo kasanu mphamvu zabwerera, ndanyamuka, ndaiwala. Loweruka ndathira mafuta a mabuleki m'kabotolo ka kilatchi, pofika Lachitatu atsika kale. Kuzengereza ndinasiya tsiku limene ndinaima pamzere wa magalimoto, phazi lili pa kilatchi, giya yoyamba ili mkati, kenako ndinangoona galimoto ikukwawa yokha kulunjika bampala ya minibasi yakutsogolo.

Kumasula zakale n'kumanga zatsopano kunanditengera maola awiri. Kuti pedulo ilimbe kunanditengera masiku awiri, ndipo pamenepo mpamene ambiri timagwa mphwayi n'kuyamba kunena kuti atigulitsa katundu wabodza. Katundu wabodza aliko ndithu, koma kawirikawiri wolakwa amakhala mpweya umene wabisala pamwamba pomwe ife tikulimbana nawo kuti utsike.

Mmene zimagwirira ntchito n'zosavuta kumva. Mukaponda pedulo, kachitsulo kotchedwa push rod kamakankha pisitoni mu master cylinder, yomwe imamangidwa pakhoma lolekanitsa injini ndi mokhalamo anthu, mbali ya dalaivala, pafupi ndi ya mabuleki. Pisitoniyo imakankha mafuta m'paipi mpaka ku slave cylinder, pambali pa giyabokosi. Slave imakankha foloko (chitsulo cholowa m'kati kumene kuli kilatchi), foloko n'kukankha beringi yotchedwa release bearing, ndipo pressure plate, mbale yamasipuling'i yopanikiza clutch plate, imailekerera kuti injini isiyane ndi magiya. Mafuta safinyika, ndiye mphamvu ya phazi lanu imafika yonse. Mpweya umafinyika. Thovu longa njere ya nyemba likakhala m'paipi, phazi lanu limathera mtunda wake pofinya thovulo, slave n'kungosuntha pang'ono.

Musanagule kanthu, pezani kumene mafuta akupita

Yambani ndi injini yozimitsa. Magiya akamalowa onse bwinobwino, koma mukaliza injini n'kuyamba kukana, ndiye kuti kilatchi sikulekanitsa mokwanira. Livesi ndi imene imayamba kudandaula chifukwa pa magiyabokosi ambiri akale ilibe synchro yofananitsa liwiro la mano.

Kenako tengani tochi, gwadani pakhomo la dalaivala, muyang'ane pamene push rod ikulowa m'khoma pamwamba pa pedulo. Pitsani chala pamenepo. Chikanyowa, kapena penti yasupuka mzere wotsikira pansi, kapena kapeti wanyowa pansi pa pedulo, labala yakumbuyo ya master yatha. Anthu ambiri amafufuza madontho pansi pa galimoto osawapeza, pomwe mafutawo akumwedwa ndi kapeti. Kwa ine zinali choncho: nditanyamula mphasa ya labala ndinapeza kapeti ali chonyowa, penti ya pansi itatuwa ndi kutukusira.

Pa slave, kokani pang'ono labala yophimba fumbi ija yopindikapindika. M'kati mwake muyenera kukhala mouma. Mukatuluka mafuta, slave yatha. Yang'ananinso paipi ya labala yolumikiza chasisi ndi giyabokosi: ming'alu, kunyowa pa mfundo, kapena kutupa wina akaponda pedulo.

Pali vuto lina limene silidontha konse, ndipo ndi limene linkandikankhira ku minibasi ija. Ilo palokha silitsitsa mafuta m'kabotolo, koma mukaponda n'kugwira kwa theka la mphindi, kilatchi imayamba kugwira yokha. Mafuta akuzembera labala ya pisitoni m'kati mwa master n'kubwerera m'kabotolo. Uzani wina aponde n'kugwira, inu muyang'ane kachitsulo ka slave kamene kamakankha foloko. Kakatuluka kenako n'kumabwerera pang'onopang'ono phazi lisanachoke, popanda dontho paliponse, master ndiye wakuba. Kutulutsa mpweya sikungachize zimenezi ngakhale mutathera botolo lonse.

Ngati kachitsuloko kakutuluka kupitirira sentimita imodzi n'kukhazikika pomwepo, koma magiya akukanabe, siyani za mafuta. Vuto lili m'kati: foloko yosweka kapena yopindika, pressure plate, kapena clutch plate yomata. Imeneyo ndi ntchito yotsitsa giyabokosi. Chimodzimodzi galimoto imene injini ikulira kwambiri pokwera mtunda koma liwiro osawonjezeka: nthawi zambiri clutch plate yadyeka, kupatula vuto limodzi la push rod lomwe ndilifotokoza kumapeto.

Onetsetsaninso kuti slave ya galimoto yanu ili kunja. Pa Hilux, Hiace ndi ma Nissan Hardbody imaoneka, yomangidwa ndi mabawuti awiri. Pa ma Ford Fiesta, Focus ndi Opel Corsa ambiri slave ili m'kati, yophatikizana ndi release bearing, ndipo kunja kumangotuluka kapaipi. Yoteroyo ikamadontha mudzaona mafuta pansi pamene injini ikumana ndi giyabokosi, ndipo simungaisinthe giyabokosi ili m'malo.

Zogula

Maganizo anga ndi akuti ngati chimodzi chatha ndipo zonse n'zakale, sinthani master ndi slave limodzi. Zinayamba ntchito tsiku limodzi, zakhala m'mafuta akuda omwewo. Master yatsopano imakankha mwamphamvu, slave yokalamba siichedwa kugonja, ndipo mudzabwereranso pansi pa galimoto mwezi usanathe. Ma kit a malabala ndi otchipa ndipo amagwira ntchito, pokhapokha m'kati mwa silinda muli mosalala. Lowetsani chala mumve. Mukamva timaenje ta dzimbiri kapena mizere, labala yatsopano idzang'ambika msanga. Popita kusitolo nyamulani chakalecho m'thumba la pulasitiki, muyerekeze pamene palowa paipi, kutalika kwa push rod ndi kukula kwa m'kati, komwe nthawi zambiri kumalembedwa pathupi pake. Galimoto za dzina limodzi zochokera ku Japan ndi zochokera ku South Africa sizifanana nthawi zonse.

Mafuta ake ndi brake fluid, DOT 3 kapena DOT 4 malinga ndi zolembedwa pa chivindikiro. Awiriwa amasakanizika. DOT 5 ndi ya silicone, musaiyandikize. Oyilo wa injini, wa power steering kapena ATF (wa magiya a otomatiki) amatupitsa malabala mpaka kuwawononga, ndipo petulo ndi palafini amachita chimodzimodzi, choncho potsuka gwiritsani ntchito brake fluid yemweyo. Gulani botolo lomata. Mafutawa amayamwa chinyezi cha mumpweya, ndipo kabotolo kotsegula kamene kakhala kuseri kwa mpando dzinja lonse kadzadza madzi osaoneka. DOT 4 watsopano amawira pa madigiri osachepera 230, koma akamwa chinyezi amatha kutsika kufika cha m'ma 155, ndipo madzi omwewo ndi amene amadya silinda ndi dzimbiri. Theka la lita limakwana, koma ine ndimagula lita chifukwa ndikudziwa mmene ndimatayira.

Mufunikanso sipanala 8, 10, 12 ndi 14, pulayala, kapaipi koonekera m'kati kotalika ngati theka la mita, botolo lopanda kanthu, sirinji yaikulu, nsanza ndi ndowa ya madzi. Madziwo ndi a penti: brake fluid akagwera pa bodi amasupula penti, ndiye tsukani nthawi yomweyo. Ngati mungapeze sipanala ya mapaipi, ija yokhala ngati ring koma yodulidwa pang'ono, igwireni ndi manja awiri. Nati ya paipi ndi yofewa, sipanala wamba imaizungulitsa makona, ndipo ntchito ya ola limodzi imasanduka ulendo wofuna paipi m'tauni.

Kusintha

Imikani pamalo athyathyathya, kokani handibuleki, ikani miyala kumatayala. Pikapu yaitali mumalowa pansi osaikweza. Galimoto yaifupi ikafuna kukwezedwa, iikeni pa ma stand achitsulo. Jeke yokha ayi, njerwa ayi, zimaphwanyika mosachenjeza.

Slave ndi yosavuta. Masulani kaye nati ya paipi pang'ono slave ikadali yomangidwa, chifukwa ikakhala m'manja mulibe pogwira. Kenako mabawuti awiri aja. Pakani girisi pang'ono pansonga pa kachitsulo pamene pakhudza foloko. Pomanga yatsopano, yambani kulowetsa nati ya paipi ndi zala mabawuti asanalimbe, kuti mazinga asapingasane. Kabawuti kotulutsira mpweya, kamene amakaniko amangoti nipple, kakhale pamwamba. Ndipo slave ikakhala yosamangidwa, munthu asaponde pedulo: pisitoni imafwamphuka n'kugwera mumchenga.

Master imafuna msana wofewa. Yamwani mafuta a m'kabotolo ndi sirinji, yalani nsanza pansi pake, masulani paipi. Kenako gonani chagada, mutu pansi pa chiwongolero, mapazi panja. Push rod imalumikizana ndi pedulo ndi kapini kotsekedwa ndi kakilipi. Kakilipi kameneka kamadumpha n'kusowa, ndiye kaphimbeni ndi dzanja pokachotsa. Masulani manati awiri omanga master kukhoma, n'kuisolola cha ku injini. Musanataye yakale, iikeni pambali pa yatsopano, muyeze kuchokera pamene imagunda khoma kufika pabowo la pini, n'kutchera yatsopano kutalika komweko.

Chimene ine ndinadumpha, n'kudzalira nacho, ndi kudzaza master isanamangidwe. Igwireni mowongoka, thirani mafuta m'kabotolo, tsekani potulukira ndi chala. Kankhani push rod pang'onopang'ono mukulekerera chala, tsekaninso musanaibweze. Bwerezani mpaka potulukirapo pazituluka mafuta okhaokha opanda thovu. Ndi mphindi zisanu, koma master youma imatha kupopa mpweya tsiku lonse osakoka kanthu.

Kutulutsa mpweya anthu awiri

Dzazani kabotolo. Vekani sipanala ya ring pa nipple, kenako kapaipi koonekera, mbali inayo imire m'mafuta pang'ono m'botolo. Wokuthandizani akhale pampando, windo lotsegula, wailesi yozimitsa. Ine anandithandiza ndi alamu anga, ndipo tinagwirizana mawu tisanayambe.

"Alamu, pondani."

"Ndaponda."

Ndimatsegula nipple kotala la kuzungulira, mafuta ndi thovu zimathamanga m'kapaipi, ndimatseka.

"Siyani."

"Ndasiya."

Lamulo ndi limodzi: phazi lisachoke nipple isanatsekedwe, apo ayi mpweya umene mwatulutsa umayamwidwanso. Aziponda mofatsa, osati mopopa ngati akuzima moto, chifukwa kupopa mwaliwiro kumaswa thovu lalikulu kukhala timathovu tambirimbiri tomwe timachedwa kutuluka. Pedulo ikakanirira pansi musadabwe. Mphamvu yaikulu yoibweza imachokera ku pressure plate kudzera m'mafuta, ndiye nipple ikatsegulidwa mphamvuyo imatha. Aikoke ndi dzanja pang'onopang'ono, adikire masekondi angapo kuti master imwe mafuta, kenako apondenso.

Kabotolo ka kilatchi n'kakang'ono kwambiri. Mukaponda kanayi, dzukani mukathire. Ife tinatengeka ndi nkhani za mpira, kabotolo kanauma, ndipo tinamva kuti fyoo, ntchito yonse kuyambiranso. Pa magalimoto amene kilatchi imamwa m'kabotolo ka mabuleki, monga VW Polo ndi Golf, msampha wake ndi wobisika. Kapaipi kopita ku kilatchi kamachokera chapamwamba dala, kuti kilatchi ikadontha mabuleki asaume. Mungaone mafuta ali theka n'kuganiza kuti zili bwino, pomwe kilatchi ikuyamwa mpweya kale. Sungani mafuta pa mzere wa MAX nthawi yonse.

Mwapopa mpaka mwendo kuwawa, pedulo ikadali yofewa

Apa ndi pamene tinafika madzulo a tsiku loyamba. M'kapaipi munkatuluka mafuta oyera opanda thovu, koma pedulo inkagwira pansi penipeni. Alamu anati, "Bwererani nazo kusitolo izi." Zipangizo zinalibe mlandu.

Tsatirani paipi ndi maso kuchokera ku master. Pa magalimoto ambiri imayamba yakwera kapena kuyenda chopingasa pakhoma isanatsike ku giyabokosi. Thovu limakhala pamwamba pa chigongono chimenecho. Mukaponda, master imakankha mafuta ochepa, thovu limatsika pang'ono. Pamene mukutseka nipple ndi kukoka pedulo, thovu lakweranso pamalo pake. Mungachite zimenezi mpaka mawa.

Njira yoyamba yosafuna chida ndi kukankha pisitoni ya slave ndi dzanja. Masulani mabawuti awiri, paipi ikhale yolumikizidwa, nipple yotseka, chivindikiro cha kabotolo chotsegula. Igwireni slave mopendeketsa kuti pamene palowa paipi pakhale pamwamba, kenako kankhani kachitsulo mpaka pisitoni ifike kumapeto, n'kuilekerera ibwerere pang'onopang'ono osaitaya. Mafuta a mu slave amakwera onse nthawi imodzi n'kunyamula thovu mpaka m'kabotolo. Wina ayang'ane pamwamba, adzaona thovu likuphulika. Chitani kakhumi kapena kuposa, ndipo pedulo isakhudzidwe.

Njira yachiwiri, imene inandipulumutsa, ndi kuthira mafuta kuchokera pansi. Chotsani mafuta ambiri m'kabotolo kuti asasefukire. Dzazani sirinji yoyera ndi mafuta atsopano, lumikizani ndi kapaipi, tulutsani mpweya wa m'sirinjimo kaye mpaka mafuta afike kunsonga. Vekani pa nipple, tsegulani, kankhani mofatsa pedulo ili pamwamba. Tsekani nipple musanachotse sirinji. Mpweya umafuna kukwera, ndipo tsopano mukuuperekeza kumene ukufuna kale. Pa sirinji yachiwiri alamu anakuwa kuchokera ku boneti kuti mwatuluka thovu lalikulu ngati la m'botolo la thobwa. Nditaponda, pedulo inali italimba kuyambira pamwamba. Gwirani kapaipi ndi zala pa nipple pokankha, chifukwa kakavuka mafuta amathira m'maso. Zikatero sambani ndi madzi ambiri msanga.

Ngati thovu laling'onoling'ono silikutha m'kapaipi, mwina silikuchokera m'kati. Nipple ikatsegulidwa kwambiri mpweya umalowera m'mazinga ake n'kuoneka ngati ukutuluka mu slave. Tsegulani pang'ono chabe. Onaninso manati a paipi mbali zonse ziwiri, poti nati yosalimba imatha kuyamwa mpweya pedulo ikamabwerera popanda kudontha kooneka. Ma Nissan Hardbody ena ali ndi kachipangizo kena pakati pa paipi kotchedwa damper, kokhala ndi nipple yakeyake, ndipo mukakadumpha mpweya umatsalira momwemo. Nipple imene mwatsegula koma osatuluka kanthu yatsekeka ndi dothi, makamaka ngati kachipewa kake ka labala kanataika kalekale. Imasuleni yonse, boolani ndi kawaya, tsukani. Poimanga musalimbitse ngati nati ya tayala, imathyoka.

Kugogoda paipi ndi chigwiriro cha sikuludiraiva kumathandiza kusuntha timathovu tomata m'mbali. Ndipo mukatopa, siyani usiku wonse chivindikiro chili chongoikidwa, pedulo ili pamwamba. Timathovu tina timakwera tokha.

Push rod: pamene ambiri amawononga ntchito yabwino

Pedulo ikamagwira pansi, chiyeso chimabwera chotalikitsa push rod kuti "ikwere". Samalani. M'kati mwa master muli kabowo kolumikiza silinda ndi kabotolo, kamene kamatseguka pokhapokha pisitoni yabwerera mpaka kumapeto. Push rod ikatalika kwambiri pisitoni siibwerera yonse, kabowo kamakhala kotseka. Zotsatira zake n'ziwiri. Mpweya sutuluka ngakhale mutatani, ndipo sirinji ija imalimba osakankhika. Chachiwiri n'choipa kuposa: galimoto imayenda bwino ikazizira, koma mafuta akatentha n'kufufuma alibe kothawira, amayamba kukankha foloko okha, kilatchi n'kumaterereka pamtunda. Munthu amagula clutch plate yatsopano pa vuto la nati imodzi.

Kankhani pedulo ndi chala chimodzi. Poyamba pakhale kamtunda kopepuka kwambiri push rod isanakhudze pisitoni, kenako kamtunda kena musanamve kulimba kwenikweni. Pa ma Toyota akale ngati yanga, koyambako ndi mamilimita 1 mpaka 5, ndipo konse pamodzi ndi 5 mpaka 15, kuyeza pamene paponda phazi. Galimoto zina zili ndi miyezo yakeyake, ndipo zina push rod yake siitcheredwa n'komwe. Masulani nati yotsekera, zungulizani push rod pang'onopang'ono, mangani, yezaninso. Poyesa ngati kabowo n'kotseguka, kankhani foloko ndi dzanja kubweza pisitoni ya slave: mafuta ayenera kukwera m'kabotolo mosavuta.

Mukadali pansi pomwepo gwedezani kapini kaja. Bowo la pedulo likakula chifukwa chodyeka, phazi limayenda mtunda master isanasunthe, ndipo zimamveka ngati mpweya pomwe si mpweya. Kapini ndi kabushi katsopano zimathetsa.

Poyesa komaliza, kutsogolo ndi kumbuyo kwa galimoto kukhale kopanda munthu kapena khoma. Lizani injini pa neutral, pondani kilatchi, werengani mpaka 3, lowetsani livesi. Ilowe mwakachetechete. Ikani giya yoyamba, phazi lina pa buleki, gwirani kilatchi mphindi yathunthu: injini isasinthe kulira, galimoto isafune kukwawa. Potulutsa phazi, kilatchi iyambe kugwira pedulo itachoka pansi ndithu, osati pa kapeti. Yendani makilomita angapo mpaka zonse zitenthe, bwerezani mayeso omwewa, pitsani chala chouma pa mfundo zonse. Bwezerani kachipewa ka labala pa nipple, lembani mzere ndi cholembera pa kabotolo pamene mafuta alekezera, muuyang'ane m'mawa uliwonse kwa sabata. Mafuta akadera msanga m'masiku oyamba, ndi zotsalira za malabala akale zimene zinali m'paipi: yamwani, thirani atsopano, tulutsani pa nipple kangapo mpaka ayere, ndipo muzichita zimenezi zaka ziwiri zilizonse pamodzi ndi a mabuleki.